Musanasoke Waya M'nsalu, Kaoneni Kaye Mmene Timachapira

Adzukulu anga, inu amene muli ku Mzuzu, ku Blantyre ndi ku Thyolo kuphunzira za magetsi ndi makina, ndamva kuti ena mwa inu mtima wagwa pa nsalu zomva. Ndikunena nsalu zija zosokedwa ndi ulusi wodutsa magetsi, zimene zimadziwa kuti munthu wazikhudza, wazikhalira kapena waziponda, ndiponso kuti wazipanikiza ndi mphamvu yotani. Ndakondwa nazo. Munthu asakuuzeni kuti zimenezi n'zidole za kumayiko olemera, chifukwa kuno ku Chintheche kuli anthu amene nsalu yotere ingawasungire mwendo, ndipo ndiwatchula. Koma ine ndakalamba ndikugwira mawaya ndi mawailesi m'chinyezi cha m'mphepete mwa nyanja muno, ndiye ndiloleni ndikulozereni pamene pagona ntchito yeniyeni.

Kuti nsalu imve si kovuta ayi. Tengani tinsalu tiwiri todutsa magetsi, pakati pake muike kapepala kakuda ka pulasitiki wosakaniza ndi kaboni, kamene amagulitsa m'dzina la Velostat. Mukadina, tinjere ta kaboni timayandikana, magetsi amapeza njira zambiri zodutsamo, ndipo mita yanu imaonetsa kuti resistance yatsika. Mukasiya imakweranso. Mwana wa Fomu 3 angathe kuzichita masana amodzi. Njira ina ndi yoika siponji yopyapyala pakati pa tinsaluto. Mukadina mpata umachepa, ndipo mphamvu imene tinsalu tiwirito timasunga, capacitance, imakwera. Iyi ndi mbale wake wa njira imene galasi la foni limadziwira chala chanu. Palinso zipangizo zimene zimatulutsa zokha timagetsi zikapindika, koma zimangolankhula pamene kupanikiza kukusintha. Munthu akangogona duu, nazo zimakhala zii.

Nzeru zimenezi si zadzulo. Mu 1997, ku sukulu ya MIT ku America, Rehmi Post ndi Maggie Orth anali atapeta kale mabatani a ulusi pa jekete, munthu akadina n'kumamveka nyimbo. Mu 2007 Leah Buechley anatulutsa LilyPad Arduino, kakompyuta kozungulira kosokera pa nsalu ndi singano. Dzifunseni tsono kuti patapita zaka zonsezi, bwanji zovala zotere sizinadzaze masitolo ngakhale ku London kapena ku Johannesburg.

Yankho lina lili mu jekete ya Google. Mu 2015 kampaniyo inalengeza ntchito yotchedwa Jacquard, ndipo mu 2017, pamodzi ndi a Levi's, inatulutsa jekete ya jinzi yokhala ndi ulusi womva kumkono. Ukasisita mkonowo nyimbo ya pafoni inkasintha, ukaugogoda unkayankha foni osaitulutsa m'thumba. Mtengo wake unali madola 350. Eni ake ananena okha kuti ichapidwe mpaka ka 10, ndipo kabatire kake kazichotsedwa kaye. Mu 2023 pulogalamu ya pafoni yoyendetsa jeketeyo inatsekedwa, ulusi uja n'kungokhala ulusi. Sindikuwanyoza. Ndikufuna muone kukula kwa phiri limene mukufuna kukwera: kampani imene chuma chake chimaposa kutalitali bajeti ya dziko lathu inangotha kulonjeza ka 10, pamenepo n'kuti akunena kuchapa kwa m'makina.

Tsopano tsikirani kunyanja Loweruka m'mawa. Amayi anu sachapa mosisita. Amanyika, amapaka sopo wa mtanda, amafikisa nsalu pa nsalu inzake, amamenyetsa pamwala, amatsukuluza, amapotokola mpaka dontho lomaliza, n'kuyanika padzuwa la ku Chintheche. Zoyera amaziviika mu Jik. Madzulo ikubwera simbi ya makala, imene ilibe chochepetsera moto kupatula dzanja la wosita. Ndipo kusita kuno si kunyada chabe. Pali ntchentche ija yoikira mazira pa zovala zonyowa, mphutsi zake n'kuboola khungu, makamaka la ana, ndipo simbi ndiyo imapha mazirawo. Kunyada nakonso kulipo, sitikana. Mbiri yathu Atonga pa zovala mukuidziwa. Onani gulu la malipenga likulowa m'bwalo, malaya ndi makabudula oyera mbee, masokosi mpaka m'mawondo, palibe khwinya ngakhale limodzi. Munthu wa kuno mukamuuza kuti chovala ichi musachape, musasite, adzakuthokozani mwaulemu n'kukachipinda m'sutikesi.

Ulusi umene ambiri amagwiritsa ntchito ndi nayiloni wokutidwa ndi siliva wopyapyala kwambiri. Kufikisa kumampala silivayo pang'onopang'ono, mchere wa m'thukuta umamudya, Jik amamutha msanga, ndipo simbi yotentha imasungunula nayiloniyo. Velostat nayenso amafewa ndi moto wa simbiyo. Ulusi wa chitsulo chosachita dzimbiri umapirira zonsezi, koma ndi wouma, umayabwa pakhungu, ndipo timaubweya take tikatuluka timakhudza mzere woyandikana nawo, magetsi n'kudumphira kosayenera. Kunja ali ndi muyezo wa kachapidwe wotchedwa ISO 6330, ndipo m'mapepala a akatswiri mudzawerenga kuti sensa yakuti inapirira kuchapidwa kangapo potsata muyezowo. Muyezowo ndi wa makina ochapira. Mwala mulibemo, simbi ya makala mulibemo. Muyezo wa kwathu muyenera kuulemba nokha, ndipo amene akuphunzitseni ndi azakhali anu, osati buku.

Choopsa si chakuti sensa ife. Yakufa imaonekera, mumaitaya. Choopsa n'chakuti imafooka mobisa. Lero yaonetsa nambala iyi, ikachapidwa kasanu ikuonetsa ina pa katundu yemweyo, ndipo makina anu sakudziwa kuti chasintha n'chiyani. Amangopitiriza kulankhula molimba mtima.

Madzi nawo ali ndi mlandu wawo ngakhale musanachape. Boma la Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'Malawi, ndipo kuyambira Disembala mpaka Epulo chovala cha thonje sichiuma kwenikweni. Pa nkhani ya capacitance, madzi amaposa mpweya pafupifupi ka 80. Siponji yanu ikangoyamwa chinyezi pang'ono, sensa imaganiza kuti munthu wadina pamene palibe wakhudza. Nonse mwaonapo foni ikudzilembera yokha galasi likanyowa. Thukuta ndiye loposa, chifukwa mchere wake umadutsa magetsi, n'kumanga mlatho pakati pa mizere imene inu munailekanitsa bwinobwino. Wophunzira aliyense amafulumira kunena kuti tikuta ndi pulasitiki. Kutani, koma mudziwe kuti khungu lokhala pa pulasitiki silipuma. Limanyowa, limafewa, limasupuka, ndipo mwayambitsa chilonda chomwe munkafuna kuletsa. Njira yofatsa ndi kusoka sensa yachiwiri pamalo pamene sipapanikizika, kuti izingomva chinyezi ndi kutentha, makina n'kumachotsera zimene iyo yaona. Sizithetsa vuto lonse, koma zimalichepetsa popanda kuzunza khungu.

Palinso khalidwe lina limene limakhumudwitsa ambiri. Mukudziwa matiresi akale, amene pogona munthu pamatsala dzenje ngakhale mwini wake atadzuka kalekale. Sensa ya nsalu ndi chimodzimodzi. Ikani paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi pamwamba pake, mulembe nambala. Muwerengenso pakatha mphindi 10, kenako pakatha ola. Mudzaona nambala ikukwawa pang'onopang'ono pamene shuga sanasinthe. Chotsani paketiyo, ndipo nambala sibwerera msanga pamene inayambira. Onjezani katundu pang'onopang'ono, kenako muchepetse, mudzapeza kuti popita ndi pobwera manambala sakugwirizana. Ngati mukungofuna batani loyatsa nyali, zimenezi zilibe kanthu. Ngati mukufuna kuuza namwino kuti chidendene ichi chapanikizika mopitirira, nkhani yasintha.

Nsalu siisiyanitsanso kudina ndi kupinda. Sensa ya pachigongono imakuwa munthu akangopinda mkono. Nsalu yotamuka ya sokosi imasintha manambala ikangokokedwa povala, ndipo phazi lonenepa ndi lowonda zimayambira pa manambala osiyana. Chitenje sichitamuka kwenikweni koma chimakwinyika, ndipo khwinya limodzi pansi pa wodwala limaoneka ngati chala chikudina. Mukafuna kuona malo ambiri nthawi imodzi, mudzasoka mizere 16 choimirira ndi 16 chopingasa, kuti ndi mawaya 32 muwerenge malo 256. Nzeru yabwino, koma magetsi satsata njira imene mwawalembera. Mukadina malo atatu, amazungulira n'kukaonetsa malo achinayi pamene palibe wadina.

Ndinati nditchula anthu amene akufunika ntchito yanu. Woyamba ndi amene wagona osatha kudzitembenuza: agogo amene anagwidwa ndi sitiroko, mnyamata amene anathyoka msana pangozi ya njinga yamoto mumsewu wa M5, bambo amene amakhala tsiku lonse pa njinga ya anthu aulumali. Pamene fupa lapanikiza khungu kwa nthawi yaitali, kumchira wa msana, m'chiuno, kuchidendene, magazi amasiya kufika ndipo mnofu umafa kuyambira mkati. Pofika poonekera kunja, chilonda chimakhala chitazama kale. N'chifukwa chake anamwino amauza gadiyani kuti azitembenuza wodwala maola awiri alionse, usana ndi usiku. Amene munadikirirapo wodwala, kaya pachipatala chathu cha Chintheche, kaya ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu, mukudziwa kuti gadiyani ndi munthu mmodzi amene akuphikanso, akuchapa, akuthamangira mankhwala, ndipo tulo ta mbandakucha timamugonjetsa. Wachiwiri ndi wa matenda a shuga amene mapazi ake achita dzanzi, moti kamwala kakalowa mu nsapato amayenda nako mpaka madzulo. Wachitatu ndi amene khate linamuwonongera mitsempha. Dziko lathu linafika pa mlingo wa bungwe la WHO wogonjetsa khate mu 1994, ndipo bungwe la LEPRA linagwira ntchito yaikulu ku Chilumba, m'boma la Karonga, kuyambira 1979, koma odwala atsopano amapezekabe, ndipo amene anachira dzanzi lawo silichoka.

Anthu atatuwa safuna sensa imodzi. Magazi a m'timitsempha ta pakhungu amayenda ndi mphamvu yochepa. Nambala imene madokotala amakonda kutchula ndi 32 mmHg, yochokera ku miyeso ya Eugene Landis mu 1930. Koma pansi pa phazi la munthu woyenda, kupanikiza kumaposa pamenepo ka 50 kapena kupitirira. Sensa yomva bwino pansi pa wogona imadzaza n'kugontha ikapondedwa, ndipo yopirira kupondedwa simva kanthu pansi pa nkhalamba yowonda. Sankhani munthu mmodzi, muyambire pa iyeyo.

Apa ndipo ndikufuna mumve nkhani ya Paul Brand, chifukwa anayenda njira imeneyi inu musanabadwe. Anali dokotala wa opaleshoni wa ku Britain, wobadwira ku India mu 1914, ndipo anagwira ntchito ndi odwala khate ku Vellore. Iyeyu ndiye anaonetsa poyera kuti khate silidya zala monga anthu ankaganizira. Limapha kumva, ndipo munthu wosamva kupweteka amadzipweteka yekha tsiku ndi tsiku mpaka zala kutha. Atasamukira ku Carville, m'chigawo cha Louisiana ku America, cha m'ma 1960, iye ndi akatswiri a zamagetsi anayesa kupanga ululu wochita kupanga: magolovesi ndi masokosi okhala ndi masensa, oti azichenjeza munthu akapanikiza mopitirira. Masensawo ankathyoka ndi kupindapinda, thukuta linkawadya. Mavuto omwewa ndakuuzaniwa. Koma chimene chinagwetsa ntchitoyo chinali china. Anayamba ndi kaphokoso, anthu osalabadira. Anayesa kanyali, chimodzimodzi. Pomaliza anaika kamagetsi kobaya m'khwapa, kumene munthu ankamvabe. Kanagwira ntchito, koma munthu akafuna kugwira ntchito yolemetsa ankangothimitsa makinawo, n'kugwira ntchito yake, n'kuyatsanso atamaliza. Ntchitoyo inasiyidwa.

Musawaweruze odwala aja. Msodzi amene mapazi ake achita dzanzi sasiya kukoka chilimira chifukwa kabokosi kalira, popeza ana akudikira usipa kunyumba. Gadiyani amene belu la sensa lamudzutsa kasanu pachabe chifukwa cha thukuta ndi makwinya, kachisanu ndi chimodzi adzachotsa batire, ndipo ameneyo si waulesi. Belu lonama limaphunzitsa munthu kusamvera. Chinanso choopsa n'chakuti belu likakhala chete, gadiyani amakhulupirira kuti zonse zili bwino, n'kusiya kuyang'ana khungu ndi maso ake monga ankachitira kale. Sensa yofooka mobisa ikatero, mwamulanda wodwala chitetezo chimene anali nacho inu musanabwere.

Chimene chinamuthandiza kwambiri Brand chinali chopanda batire. Anapanga masokosi okhala ndi timakapisozi ta utoto timene tinkaphulika pamalo popanikizika kwambiri. Munthu akayenda nawo n'kuvula, utotowo unkaonetsa pamene nsapato ikuluma, wosoka nsapato n'kukonza pomwepo. Ku India kuja anali atapanganso nsapato za labala wofewa wogawa bwino kulemera kwa thupi. Sokosi ija inkayankha funso limodzi lokha, koma inkayankha zoona.

Uphungu wanga wagona pamenepa. Nsalu muziifunsa funso limene ingathe kuyankha moona m'nyengo yathu, osati limene lingakometse pepala lanu la mayeso. Mukaifunsa kuti kupanikiza n'kochuluka bwanji, idzakunamizani ikangonyowa, ikangochapidwa, ikangokalamba. Koma mukaifunsa kuti kodi munthuyu watembenuka, imayankha bwino, chifukwa kusintha kwakukulu imakumva ngakhale itafooka. Timasensa titatu kapena tinayi pansi pa chofunda cha matiresi, kawotchi kowerenga nthawi kuchokera pamene kulemera kunasamuka komaliza, ndi kabelu kofatsa pakatha maola awiri, zimenezi zingathandize gadiyani kuposa chithunzi chokongola cha malo 256 pa kompyuta imene palibe woiyang'ana usiku. Ndipo muwauze poyera anamwino kuti pali chimene nsalu yanu siimva: kukhulika kwa khungu pamene wodwala akutsetsereka pabedi lotsamiritsidwa, kumene nakonso kumang'amba mnofu mkati. Khungu la munthu lili ndi timitsempha tosiyanasiyana, tina tomva kudina kokhalitsa, tina kunjenjemera, tina kukokeka, ndipo zinatengera mphoto ya Nobel ya 2021, ya Ardem Patapoutian ndi David Julius, kuti dziko lilemekeze amene anatulukira timakomo ta m'maselo timene kukhudza ndi kutentha zimalowera. Ulusi wanu sudzafika pamenepo msanga, ndipo palibe manyazi kunena choncho.

Pa kapangidwe, malo amene mudzalirire kwambiri ndi pokumana chofewa ndi cholimba, pamene ulusi ukulowa m'kabokosi ka makina. Nayiloni wa siliva salola kuwotcherera, amasungunuka. Mfundo imamasuka. Waya wamkuwa ukapindidwa malo amodzi kambirimbiri umaduka mkati, chikopa chake chili bwinobwino. Gwiritsani mabatani achitsulo odina aja a pa zovala za ana, kuti kabokosi ndi batire zizichoka nsalu isanapite kunyanja. Batire ya lithiyamu isagone pansi pa munthu amene samva kutentha. Chinthu chanu chizitha kutchajidwa ndi kasola kakang'ono ndi chingwe cha foni wamba, chifukwa si nyumba zonse kuno zili ndi magetsi a ESCOM. Ndipo gawo lomva likhale kachigamba kotsika mtengo kosolola m'thumba, koti telala wa pakhonde asoke kena ndi makina ake opalasa ndi phazi.

Atelalawo musawayese antchito anu. Iwo amadziwa pamene chovala chimang'ambikira, pamene msoko umaluma, ulusi umene makina amakana. Osoka maukonde kugombe amadziwa mfundo zimene sizimasuka pa nayiloni wonyowa, chinthu chimene ku yunivesite simudzaphunzitsidwa. Pitani mukakhale nawo pansi, mupereke moni bwino, mufunse. Panjira yopita ku Nkhata Bay mumadutsa m'mitengo ya labala ya ku Vizara. Labala wosakaniza ndi kaboni nayenso amasintha kadutsidwe ka magetsi akapanikizidwa, ndiye pali poyesera ndi zinthu za kwathu konkuno, bola mukumbukire kuti labala wachilengedwe amauma n'kusweka ndi dzuwa, ndipo anthu ena amawatupitsa khungu. Zoti Amalawi angathe kutenga nawo mbali pa chipangizo cha chipatala chogwira ntchito si maloto. Makina a Pumani othandiza makanda kupuma anakula ndi mgwirizano wa yunivesite ya Rice ndi chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo anafika patali chifukwa opanga ankamvera anamwino a m'wodi.

Chomaliza chimene sindingachilekerere ndi ichi: musayese chinthu chanu pa wodwala chifukwa choti ndi wachibale ndipo sangakukanireni. Yambani ndi mapaketi a shuga ndi mabotolo a madzi, lita imodzi kilogalamu imodzi. Kenako mugonepo nokha usiku wonse mwezi wa Novembala, thukuta lili kamukamu. Nsaluyo muipereke kwa amene amachapa kunyanja, osamuuza kuti asamale, muyeze ikabwera, mubwerezenso, ndipo kope lanu lisunge manambala onse, ngakhale a tsiku limene yakukhumudwitsani. Ikapirira zimenezo, pitani kwa madokotala ndi anamwino, ndipo chilolezo cha kafukufuku pa anthu mukachipemphe ku komiti ya NHSRC kudzera kusukulu kwanu.

Amene mubwere patchuthi cha Khirisimasi mutenge masensa anu, mita, ulusi wa mitundu iwiri ija ndi kope latsopano. Mvula idzakhala itayamba, chinyezi chili pachimake, ndipo ndiyo nyengo yoyenera kuyambira kuyesa.